Zovala Zokaonekera kwa Bambo

Budapest, 21 Seputembala

Amayi okondedwa,

Ndikupsompsona dzanja lanu. Muli bwanji kumeneko, ndipo chifuwa chija chikuti bwanji? Gergő wa basi wandiuza kuti anakupezani mukukumba mbatata mvula ikuwaza, mulibe ndi juzi yomwe. Mózes amakhala ali kuti pamene amayi ake akugwada m'matope? Mumuuze kuti mlongo wake wafunsa, ndipo sanafunse akuseka. Ine kuno ndili bwino, kupatula miyendo imene ikutupa ndi kuimirira pa simbi tsiku lonse.

M'phukusili muli mankhwala a chifuwa, khofi ndi mabatire a kachipangizo kanu ka m'khutu. Muzikavala. Mukanamakavala bwenzi tikulankhulana pa foni ngati anthu ena onse. Khofi wakweranso mtengo, musagawire msewu wonse.

Tsopano nkhani imene mwaiputa. Ine ndinangokuuzani mocheza kuti kuntchito tikukonzekera Tsiku la Opera ya Chihangare, masewero oimba aja, pa 7 Novembala, ndipo Mayi Vadnai, mkulu wa zovala, akufuna zovala zenizeni zakumudzi zoti aike m'kabati yagalasi pakhomo, anthu aziona polowa. Sindinapemphe kanthu. Inu n'kulemba kuti mutumiza zanu zaukwati. Amayi, zimenezo si zovala zoyenda pa basi. Mwazisunga m'bokosi lamaluwa chikwatiwire, monga achitira mkazi aliyense kwathu, kuti mudzagone nazo m'manda, Bambo akakuzindikireni mukafika. Ndi chifuwa chimenecho, chisanu chikubwera, mukufuna zikhale kutali chonchi?

Chimene chakukokani ndikuchidziwa. Mukufuna a ku Budapest aone singano ya Agogo pa manja a malaya aja. Inenso ndili mwana ndinkalakalaka dziko lonse litawaona, tsiku lija pachaka mukamawatulutsa kuti apitidwe mphepo, ife titabisa manja kumbuyo poopa kukhudza. Koma anthu akuno simukuwadziwa. Zaka zonsezi ndikuwasitira zovala, mlonda wapakhomo amanditchulabe "Mromaniya uja", chifukwa mudzi wathu uli ku Romania, ngakhale ndife Ahangare ngati iye. Dzulo ndinamuyankha kuti, "Bambo, pemphero lanu ndi langa ndi la chinenero chimodzi, kungoti ine ndimalidziwa mpaka kumapeto." Iye amvekere, "Aa, Jolika, tikungocheza." Ndi mmene amachezera, ndipo Jolika ndi mmene amanditchulira onse kuno. Pa nsanja amaimba za dziko lathu mpaka misozi, koma Mhangare amene malire anamudutsa iye ali pakhomo pake, ameneyo kwa iwo ndi mlendo.

Ngati mwalimbikira, tumizani. Ndamva, mwati ndisawauze kuti ndi za maliro, angatiseke. Ndidzati ndi zaukwati, ndipo sindidzakhala ndanama. Koma tsikulo likangotha, basi yoyamba zikwera kubwerera m'bokosi.

Mwana wanu,
Jolán


Budapest, 5 Okutobala

Amayi,

Ndikupsompsona dzanja lanu. Mwalemba kuti mukugona bwino masiku ano. Gergő akuti chifuwa chanu amachimva ali pachipata. Mmodzi wa inu akunama, ndipo Gergő alibe chifukwa.

Zafika bwino. Nditamasula nsalu ija m'chipinda changa, fungo la fodya wa Bambo linadzaza ponseponse. Ndinali nditaiwala kuti masamba amene mumaika m'bokosi kuthamangitsa njenjete ndi otsala a m'munda wawo womaliza. Ndinakhala pa bedi malaya ali pamiyendo mpaka tiyi anazizira. Oyera mbee, ulusi wofiira osasuluka, mapinde a siketi ali gwa ngati anapindidwa dzulo.

M'mawa mwake ndinapita nazo kwa Mayi Vadnai. Anavala magalasi, n'kutembenuza dzanja la malaya. Kenako anati, "Jolika, chinthu ichi n'chamoyo. Kuchitsekera m'galasi ndi tchimo."

Ndinati, "Mayi, tinapangana za galasi."

"Inde, inde, galasi," akukwera nazo masitepe.

Kabati ili pakhomo, aipukuta kale, koma mulibe kanthu. Akuti akudikira nyale.

Nyumba yathu ya opera ino ndi yaing'ono, si yaikulu ija ya pa msewu waukulu, koma chaka chino akanema abwera kwa ife, ndiye aliyense mutu wazungulira. Woposa onse ndi Mayi Orsolya, woimba wamkulu, amene ine ndimamuveka. Mawu ake sindinganame, amakufika pamtima. Koma zikhulupiriro zake zimaposa za nkhalamba zonse za kwathu. Asanakwere pa nsanja ndimayenera kumugunda pang'ono ndi bondo kumatako, monga achitira onse muno pofunirana mwayi, ndipo iye sathokoza, akuti kuthokoza kumathawitsa mwayiwo. Kalipentala wina analiza likhweru m'khonde, anamutulutsa panja kuti akalavule n'kulowanso. Sabata yatha wina anamutumizira maluwa amtundu uja timaika pamanda. Anakuwa mpaka tinatsegula mawindo onse ndi kuwaza mchere pansi. Anthu asukulu amenewa. Tikanachita ife, akanati ndi umbuli wakumapiri.

Mózes ayike kabichi mu mgolo mwezi uno usanathe, ndipo mchere asauone ngati golide. Nkhuni adule tsopano, osati chipale chikagwa. Nkhumba musaidyetse nokha, ndowa ija ndi yolemera.

Jolán


Budapest, 19 Okutobala

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira mankhwala mukumwa. Ine mutu ndi umene ukundivuta, koma si kanthu.

Mwafunsa za zovala pamwamba pa kalata, pakati ndi pansi. Zili kuntchito kuno, palibe waziba. Chithunzi cha kabati sindinajambule. Musafunsenso pakali pano.

Sindikudziwa ngati ndinakuuzanipo za a Bandi. Chipinda chawo chili pansi pa nyumba yathu, ndipo ntchito yawo ndi kukalambitsa zovala. Ife timasoka chatsopano, iwo n'kuchiviika mu tiyi wakuda, kuchikwecha ndi buleshi yawaya, kuchipaka phulusa, kuti wosauka wa pa nsanja aoneke wosauka ngakhale kwa munthu amene wakhala mpando wakumapeto. Ndakhala ndikuwaseka zaka zonsezi. Ndimati, "A Bandi, kwathu umphawi timaupeza ulere, inu amachita kukulipirani." Iwo amati, "Wanga ndi wapamwamba, umachoka ndi sopo." Sabata ino sindinawaseke. Sindikuwalankhula n'komwe. Akuti iwo amangochita zimene auzidwa. Aliyense muno amangochita zimene wauzidwa, ndipo wowauza sapezeka.

Lendi ya chipinda akwezanso kuyambira mwezi wamawa. M'phukusili ndaikamo makandulo a pamanda a Bambo, Mózes akayatse pa tsiku la akufa. Inu musakwere phiri lija, mphepo yake ndi yoipa. Mungowauza Bambo muli pakhomo kuti asafulumire kukuitanani. Muwauze ndithu.

Ndisiye pomwepa, ndatopa.

Jolán


Budapest, 2 Novembala

Amayi,

Ndikupsompsona dzanja lanu, ndipo khalani pansi musanawerenge. Gergő akuti mwaitana a Rozi ndi amayi ena kuti adzaonere kanema kwanu pa 7, mwina ojambula adzaonetsa kabati yapakhomo. Ndinkafuna kukuuzani pamaso, koma mwandikakamiza.

M'kabati aikamo nsapato zakale ndi mapepala a nyimbo. Zovala zanu aziika m'sewero. Mayi Orsolya aimba gawo la mkazi wakumudzi amene asilikali anamutengera mwamuna, iye n'kumayendayenda m'misewu mpaka kutha. Ine ndinazidziwira pa hang'ala. Anandipatsira kuti ndikaveke woimba, ndipo poyamba sindinazizindikire.

Mayi Orsolya ndi wamkulu thupi, inu pa ukwati munali ngati bango. Ndiye malaya anawadula kumbuyo kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno, anaikamo nsalu ina ndi zipi. Atatero anatsitsira kwa a Bandi. Kuyera kuja kulibenso, Amayi, aoneka ngati anagona m'khola. Pazigongono pakwecheka mpaka kuoneka kuwala. Epuloni aing'amba m'munsi. Singano ya Agogo yokha ndi imene aisiya, akuti imaoneka bwino pa nyale.

Ndinakwera kwa Mayi Vadnai osagogoda.

"Munapempha ndani?"

"Jolika, usalire ngati wafedwa. Malaya a mayi ako dziko lonse liwaona pa tsiku la fuko. Akanathera m'bokosi, njenjete n'kuwadya."

"Ndati munapempha ndani?"

"Dzina la mudzi wanu tililemba m'kabuku ka mwambo. Paja uli chigawo chiti cha Romania?"

Ndinagwira mpando kuti manja angachite zina. Anati nyumba ilipira. Ndinati, "Agogo anga anamwalira, mukawalipira kuti asoke ena?" Anangotsegula chitseko. Kuyambira tsiku limenelo zovala amazikhomera m'kabati yake, zimatuluka nthawi yoveka yokha, iye ataima pomwepo kapena mthandizi wake.

Chimene chikundisowetsa mtendere kwambiri ndi ichi. M'seweromo mkaziyo amafa. Tsiku lililonse poyeserera ndimaima kuseri kwa katani, n'kumaona malaya anu akugwa pansi, manja ali tambalale, anthu n'kuomba m'manja. Inu muli moyo, mukutsokomola kutsidya kwa malire, ndipo kuno akusewera maliro anu m'mawa ndi masana, wina akufuula kuti abwereze chifukwa nyale inachedwa.

Ndakhala chete chifukwa munati ndisanene. Tsopano ndiuzeni chochita. Lembani ngakhale mzere umodzi, mupatse Gergő Lamlungu. Ndipo a Rozi muwauze kuti kanema wawonongeka.

Jolán


Budapest, 9 Novembala

Amayi,

Moni, ndipo Mulungu akusungeni. Lolemba ndinapita kukadikira basi. Gergő anandipatsa botolo la jamu, kalata ayi. Ndinamufunsa kuti amayi anati chiyani. Akuti munawerenga, munapinda kalata, n'kumuuza kuti azipita muli ndi zochita. Ndinadziwa kuti ndakuswani mtima moti mawu akusowani. Ndiye ndachita ndekha.

Lachiwiri madzulo nyumba inadzaza. Poyamba panali zolankhula. Bwana wina wa riboni pachifuwa ananena za chuma cha makolo, ndiponso za "abale athu okondedwa a kutsidya kwa malire". Mbale wokondedwayo anali m'chipinda chovalira, mapini ali kukamwa.

Mthandizi wa Mayi Vadnai anabweretsa zovala, n'kuima pakhomo. Ndinamuveka Mayi Orsolya siketi, epuloni, malaya. Zipi ili pakati, iye akudziyang'ana pagalasi, anati, "Jolika, malaya awa amandipatsa mawu, ukudziwa? Amayi ako ayenera kuti anavina nawo kwambiri."

Ndinati, "Tsiku limodzi lokha, mayi. Linalo likudikira."

"Lina liti?"

"La maliro awo. Kwathu mkazi amaikidwa ndi zaukwati zake. Awa ndi a m'manda, ndipo mwini wake akudwala chifuwa."

Sindinakweze mawu. Ndinaona nkhope yake ikutuwa pansi pa utoto wonse uja. Anakweza manja m'mwamba ngati mwana wofuna kusamba, n'kunong'ona kuti, "Vula. Vula msanga, usandikhudzitse kunkhope." Nditamuvula anathawira pakona ndi zamkati zokha, akudzilemba mtanda, akulavula paphewa.

Mayi Vadnai anafika akuthamanga. "Wamuuza chiyani?"

Sindinayankhe ine, anayankha woimba. "Mwandiveka nsalu ya maliro ya munthu wamoyo? Masiku onsewa ndakhala ndikufa nayo, inu mukuonerera?"

"Orsi, mtima wanga, ndi nsalu chabe. Akanema akudikira."

"Valani inuyo mukaimbe."

Anamunyengerera, anamuopseza, anaitana bwana wa nyumba. Belu linalira. Pomaliza anathamangira kosungira zovala n'kubwera ndi diresi lotuwa la sewero lina, looneka ngati thumba. Ndinamuveka ndine. Pakatani anatembenuka n'kundilozera kumbuyo kwake, ndipo bondo ndinamupatsa, lamphamvu kuposa masiku onse. Sanathokoze.

Anaimba bwino, Amayi. Ndi chimene chikundiwawa. Anaimba kuposa kale lonse, anthu anaimirira, ena akulira, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anadziwa kuti pasowa kanthu. Thumba linakwana. Ndiye kuti malaya anu anawadula pachabe.

Mayi Vadnai anandipeza m'khonde. Anati, "Mawa usabwere." Ndinati, "Ngakhale lero sindimaliza. Akatsika mukamuvule nokha, mabatani ali kumanzere." Zovala ndinali nditazikulunga kale m'nsalu yanu ija. Pakhomo lakumbuyo ndinapeza a Bandi akusuta. Ananditsegulira chitseko, maso ali pansi, n'kuti, "Tiyi uja muyese mandimu ndi dzuwa." Ndinati, "Novembala uno, a Bandi? Dzuwa lake mundipatsa ndinu?"

Zili pano pa bedi langa. Palibenso amene azikhudze. Zoti ntchito yatha musamuuze Mózes, ndipeza ina. Ndikazikonza ndibwera nazo ndekha.

Mwana wanu,
Jolán


Budapest, 16 Novembala

Amayi,

Ndikupsompsona dzanja lanu, ngakhale dzanja limenelo landilembera zimene landilembera. Gergő akuti mwagona masiku awiri osadzuka, ndipo adokotala anabwera. Zimenezo m'kalata yanu mulibe. Muli zonditukwana zokhazokha, masamba onse.

Ndiye kuti tsiku lija simunasowe mawu. Munali kalikiliki kubwereka mipando. Mutamva kuti malaya anu akwera pa nsanja, munaitana msewu wonse mpaka abusa, munaphika makeke ndi chifuwa chimenecho, munavala ndi kachipangizo ka m'khutu komwe, kamene ine ndakhala ndikukupemphani chaka chonse. Mkazi uja n'kutulukira atavala thumba. Ndipo a Rozi akuti, "Sára, kani unakwatiwa m'thumba la mbatata?" anthu n'kuseka. A Rozi ndidzaonana nawo. Iwo anakwatiwa ndi siketi yobwereka, mudzi wonse ukudziwa.

Koma inu, Amayi. "Anakutuma ndani?" Mwandifunsa choncho. Ndinakupemphani mzere umodzi, munanditumizira jamu. Ndikanadziwa bwanji kuti munthu amene sankatilola kukhudza malaya aja ndi chala akufuna aonekere dziko lonse ali ngati chigamba chopukutira pansi? Mwalemba kuti moyo wanu wonse simunaonepo mkati mwa nyumba ya opera, ndipo malaya anu akanakuimbirani kamodzi musanapite. Mawu amenewo ndawawerenga mobwerezabwereza, ndipo ndikadali wokwiya. Iwo sanakupempheni. Munthu akakulanda chinthu, iwe n'kupezeka kuti unali wokonzeka kumupatsa, kulanda kuja sikusanduka mphatso. Mukanati muwapatse ndinu, ndi pakamwa panu, bwenzi ine ndikumuveka mkazi uja ndikumwetulira.

Kwinaku ndinaseka, ndisaname, ngakhale sindinafune. Mukuti kumbuyo ndisasoke, chifukwa a Eszti osambitsa maliro amadula malaya a aliyense kumbuyo komweko kuti alowe, ndipo lumo lawo ndi lobuntha, ndiye a ku Budapest awapeputsira ntchito. Mukutinso tiyi ndimusiye, Bambo anakusiyani muli nkhalamba yothimbirira, malaya oyera akanangowasokoneza. Nthabwala zimenezo muziwauza a Rozi. Ine ndinawaona malaya aja ali oyera, ndili kamtsikana koima pa mpando kuti ndisuzumire m'bokosi, ndipo sindikhululuka. Mayi Vadnai anatumiza uthenga kuti ndikatenge envelopu. Sindinapite. Mayi Orsolya anatumiza maluwa ndi funso lakuti muli moyo kodi. Akufunsira yekha ameneyo, akuopa.

Mandimu ndayesa, mkaka ndayesa. Tiyi sakuchoka, wangopepukako. Zipi ndamasula, simupita kwa Bambo ndi mano apulasitiki kumsana. Nsalu yachilendo ija ndachotsa, m'mbali ndapinda, ndipo ndikusokerera zingwe zomangira. Zigongono ndikuzigamba cham'kati ndi nsalu ya pilo wanga wakale uja munandipatsa, ndi yokhayo imene ikufanana. Epuloni yatsala. Maso anga si akale, ndipo kuwala kwa masana masiku ano n'kwakufupi, ndiye basi ya mawa sindikwera. Ndikwera ya Lachisanu linalo. Ku hotela ina akufuna wochapa kuyambira Disembala, ndawauza kuti ndiyamba ndikabwerako.

Mózes asunthe bedi lanu pafupi ndi mbaula, ndipo agule nkhuku. Mankhwala a adokotala mumwe onse, osati kusunga theka kuti mudzamwe chaka chamawa.

Tsono mverani, chifukwa ichi sindikupempha. Ntchito ndataya, kumudzi mwandisandutsa nkhani, zonsezo ndazilandira. Koma musandichite chipongwe choti ndifike ndi malaya m'manja n'kupeza a Eszti ali pakhomo ndi beseni. Mundidikire. Ndikufuna muwavale muli chiimire, mukundikalipira, ine ndili kumbuyo kwanu ndikuona ngati zingwe zikufika.

Mwana wanu,
Jolán